Zida zakale za mlimi wa ku Korea pa masitampa: mmene tingaziwerengere

Munthu akaona koyamba masitampa a ku South Korea osonyeza zida zakale zaulimi, zina amazizindikira nthawi yomweyo. Lichero ndi lichero basi, ndipo mtondo ndi munsi sizifuna womasulira. Koma pali zina zozunguza mutu: chipika chodzaza ndi zikhomo, kakhasu kopindika khosi, ndi chimango cha mitengo chooneka ngati chilembo A. Mabuku a anthu osonkhanitsa masitampa amangotchula dzina la chida m'mawu awiri kapena atatu, osanena ntchito yake. Chidwi chakulanso chifukwa kakhasu kaja, kotchedwa homi, tsopano kakugulitsidwa pa Amazon kwa anthu olima maluwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo ambiri amakaona ngati chinthu chatsopano.

Vuto la sitampa ndi lakuti imaonetsa chida chili chokhachokha. Palibe munthu wochigwira, palibe nthaka imene chikulowamo, palibe madzi. Kuti chida chimveke, tiyenera kubwezeretsa zinthu zitatuzi m'maganizo mwathu.

Masitampawo ndi otani

Korea idatulutsa masitampa ake oyamba mu November 1884, a mtengo wa 5 mun ndi 10 mun, motsogozedwa ndi Hong Yeong-sik. Sadagwire ntchito nthawi yaitali. Pa 4 December chaka chomwecho, pa phwando lotsegulira likulu la positi ku Seoul, padayambika chiwembu cholanda boma chotchedwa Gapsin, ndipo chitalephereka ntchito ya positi idatsekedwa mpaka 1895.

Masitampa a zida zaulimi adabwera patapita zaka zambiri. Mu 2001 positi ya South Korea idatulutsa gulu la masitampa khumi, iliyonse ya 170 won, umene udali mtengo wotumizira kalata wamba nthawi imeneyo. Zithunzi zake zimayambira pa zida zotembenuzira nthaka, kudzera pa zopalirira, zothirira manyowa ndi madzi, zopunthira ndi zopetera, kukafika pa zosungira ndi zonyamulira. Kuwayala motsatana kuli ngati kuyala chaka chonse cha mlimi patebulo. Pofuna kusiyanitsa masitampa a mayiko awiri a Korea, onani dzina: a kum'mwera amalembedwa KOREA pamodzi ndi dzina la dzikolo m'zilembo za Chikoreya, pamene a kumpoto amalembedwa DPR KOREA.

Pofika 2001, zambiri mwa zidazi zidali zitachoka kale m'minda. Kathirakitala ka mawilo awiri koyendetsedwa ndi munthu woyenda pansi, kotchedwa gyeongungi, kadayamba kupangidwa m'dzikomo m'zaka za m'ma 1960, ndipo kadafala m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya ndondomeko yotukula midzi ya Saemaul Undong. Choncho masitampawa adalowa m'manja mwa achinyamata a m'tauni amene agogo awo adagwirapo zidazo, koma iwo eni sadazionepo zikugwira ntchito.

Dziko limene lidaumba zidazi

Pafupifupi 70 peresenti ya dziko la Korea ndi mapiri. Minda imakhala yaing'ono, m'zigwa zopapatiza ndi m'malo otsetsereka, ndipo njira zopitira kumeneko n'zongokwana phazi. Mlimi wa ku Korea amagawa minda yake pawiri: non ndi munda wa mpunga wosunga madzi, wozunguliridwa ndi timakoma ta dothi, bat ndi munda wouma wa balere, mapira, soya ndi ndiwo zamasamba. Amene adaona minda ya mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota kapena ku Domasi ali kale ndi chithunzi cha non.

Nyengo nayo ndi yolamula. M'miyezi yozizira nthaka imauma gwa ndi chisanu, osalimika. Mvula yaikulu, yotchedwa jangma, imagwa kuyambira kumapeto kwa June mpaka mu July, pamene miyezi ya April ndi May, imene mlimi amafuna madzi okonzera munda wa mpunga, nthawi zambiri imakhala youma. Kum'mwera, munda umodzi unkabereka kawiri: balere m'nyengo yozizira, mpunga m'nyengo yotentha. Kukolola balere, kutipula, kulowetsa madzi ndi kuwokera mbande za mpunga zonse zinkaunjikana m'masabata ochepa. N'chifukwa chake boma la Mfumu Sejong lidasamala za ulimi mwapadera: mu 1429 lidatulutsa buku la malangizo a ulimi, Nongsa jikseol, lochokera pa zimene alimi achikulire a m'zigawo adafotokoza, ndipo mu 1441 lidayambitsa chipangizo choyezera mvula chotchedwa cheugugi.

Ngakhale miyezo ya minda inkatengera ntchito. Majigi ndi malo okwana mbewu ya muyezo umodzi wa mal, pafupifupi malita 18. M'madera ambiri, pa munda wa mpunga, amenewa ndi masikweya mita pafupifupi 660. Harugari ndi malo amene ng'ombe imatha kulima tsiku limodzi.

Pulawo, ndi fosholo ya anthu atatu

Pulawo ya ku Korea imatchedwa jaenggi. Thupi lake ndi la mtengo, ndipo chitsulo chili pawiri pokha: boseup, msonga yolowa m'nthaka, ndi byeot, chitsulo chopindika chimene chili pamwamba pake chogwetsera dothi mbali imodzi. Mtengo wautali wopita ku ng'ombe ndi seong-e, mtengo wonyamula msonga ndi sul, ndipo pakati pa iwiriyi pamadutsa kamtengo koimirira, hanmaru. Kamtengo kameneka n'kamene kamalamula kuya kwa mzere: mlimi akasuntha kachikhomo kake, mpata wa pakati pa mitengo iwiri ija umakula kapena kuchepa, ndipo msonga imalowa kwambiri kapena pang'ono. Msongayo inkapangidwa ndi chitsulo chosungunula, cholimba koma chosachedwa kuthyoka chikagunda mwala. Choncho m'minda ya miyala ankakonda geukjaengi, pulawo yopepuka yopanda byeot, imene imangong'amba nthaka osaitembenuza.

M'zigwa ng'ombe imodzi inkakwana. M'mapiri a Gangwon ndi kumpoto ankamanga ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, ndipo pulawo yotere imatchedwa gyeori. Ng'ombe yodziwa ntchito inkaikidwa kumanzere, yophunzira kumanja.

Chida chodabwitsa kwambiri pa gulu limeneli ndi garae. Mukaiona koyamba mungati ndi fosholo wamba imene wina waiwalapo zingwe. Mpini wake ndi wautali kuposa munthu. Mutu wake ndi thabwa lovekedwa chitsulo m'mphepete, chokhota ngati chiboda cha hatchi, ndipo mbali zonse ziwiri za mutuwo kumamangidwa chingwe. Munthu mmodzi amagwira mpini, kuloza pokumba ndi kukankha. Anthu awiri, wina uku wina uko, amakoka zingwe nthawi imodzi, ndipo dothi limauluka kukagwa patali. Ntchito ikakula, okoka amakhala anayi kapena asanu ndi mmodzi, kotero gulu lonse limakhala la anthu 3, 5 kapena 7.

Phindu lake lili pa msana. Wogwira mpini sanyamula dothi, ndipo okoka zingwe amagwiritsa ntchito kulemera kwa thupi lonse potsamira kumbuyo, osati kuwerama ndi kudzuka. Koma garae siilola kusagwirizana. Mbali imodzi ikakoka mwamphamvu kapena ikafulumira, mutu umapotoka, dothi n'kukhuthukira pamapazi. Okoka akatalikirana kwambiri mphamvu yawo imathera pokokerana, akayandikana kwambiri dothi limawagwera. N'chifukwa chake ntchitoyi inkayenda ndi nyimbo yopatsa kayendedwe kamodzi.

Ntchito yake yaikulu inali kukonza makoma a munda wa mpunga ndi ngalande, chakumayambiriro kwa April. Chisanu chikasungunuka, makomawo amakhala atafwamphuka, ndipo mbewa ndi tinyama tina timakhala titaboolamo mauna. Kabowo kamodzi kakhoza kutulutsa madzi a munda wonse usiku umodzi. Apa m'pamene padachokera mwambi wa Chikoreya wonena za munthu amene akutseka ndi garae chimene akadatseka ndi homi: bowo limene kakhasu ka dzanja limodzi kakadatseka dzulo, lero likufuna anthu atatu.

Kusalaza: matope kumtunda, fumbi ku Jeju

Munda wa mpunga ukatipulidwa ndi kulowetsedwa madzi, pamabwera sseore. Imaoneka ngati chipeso chachikulu: chipika chokhala ndi mano a mtengo wolimba, 6 mpaka 10, chogwirira pamwamba, ndipo ng'ombe imachikoka m'matope. Ntchito yake ndi iwiri. Imaphwanya zibuma mpaka dothi likhale ngati phala, ndipo phala limenelo limatseka timing'alu ta pansi kuti madzi asalowerere. Imasalazanso munda. Zimenezi n'zofunika kuposa mmene zimaonekera: pamalo otsika mbande zimamira, pamalo okwera nthaka imatulukira pamwamba pa madzi ndipo udzu umamera msanga. Kusiyana kwa kutalika kwa chala chimodzi kumaonekera pa zokolola. Pomaliza ankamangirira thabwa, beonji, kutsogolo kwa mano aja kuti apalepale pamwamba.

Namtae, chipika cha zikhomo chija, ntchito yake ndi yosiyana kotheratu, ndipo ndi ya chilumba cha Jeju. Dothi la kumeneko lidachokera ku phiri lophulika. Ndi lopepuka, silisunga chinyezi, ndipo mphepo ya pachilumbapo imaliulutsa pamodzi ndi njere zazing'ono za mapira. Alimi ankalowetsa gulu la mahatchi m'munda atangofesa kuti apondeponde. Amene adalibe mahatchi ankakoka namtae, imene zikhomo zake zimasiya mapazi ngati a ziboda. Chida chimodzi chikufewetsa nthaka, chinzake chikuitsendera, ndipo zonse ziwiri ndi zolondola pamalo pake.

Homi, kakhasu kolimira chonyonyomala

Homi ndi yotalika pafupifupi masentimita 30. Ili ndi zigawo zitatu: tsamba lachitsulo losongoka, khosi lopindika lolowa m'mpini, ndi kampini kamtengo ka dzanja limodzi. Aliyense wodziwa kambwiri angaiyerekeze nako, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Kambwiri ndi khasu lotha. Homi idasulidwa dala motero, ndipo tsamba lake ndi lopendekera mbali imodzi. Msonga imakumba ndi kuzula, m'mphepete mumadula mizu ya udzu, mimba ya tsamba imakokera dothi ku tsinde la mbewu, ndipo kumsana kwake kumaphwanya zibuma. Ntchito zinayi zimachitika dzanja likungotembenuka pang'ono. Chifukwa cha kupendekera kumeneku, wamanzere amafunika homi yakeyake.

Maonekedwe a homi amanena dera limene yachokera, ndipo n'chifukwa chake kuona ma homi angapo pa chithunzi chimodzi si kubwereza. Ya m'minda ya mpunga ya chigawo chapakati ndi yaikulu, yofanana ndi msonga ya pulawo, chifukwa ntchito yake ndi kutembenuza matope pakati pa mapando a mpunga ndi kukwirira udzu. Mpini wake ankaukulunga ndi udzu kuti usaterere m'dzanja lonyowa. Ya ku Jeju ndi m'mphepete mwa nyanja kum'mwera ndi yopyapyala ngati chikwakwa, yolowa pakati pa miyala. Ya kumpoto, ku Hwanghae ndi Pyeongan, ndi ya ngodya zitatu, yotakata, ya mpini wotalikirapo, yoyenera minda youma yaikulu.

Munda wa mpunga unkapaliridwa katatu. Kawiri koyamba ankagwiritsa ntchito homi, kachitatu manja okha, chifukwa pofika nthawi imeneyo mizu imakhala itayanza ndipo chitsulo chikhoza kuidula. Ntchitoyi inkagwa pa nthawi yotentha kwambiri, ndipo sinkatheka banja lokha. Amuna a m'mudzi ankapanga gulu lotchedwa dure, lofanana ndi dima, kupatula kuti dure linali la mudzi wonse, lokhala ndi atsogoleri ndi malamulo, ndipo linkalimanso minda ya amasiye ndi odwala. Gululi linkapita kumunda ndi ng'oma, mabelu achitsulo ndi mbendera yolembedwa kuti ulimi ndiwo muzu wa zonse za pansi pa thambo. Nyimbo ndi magule amenewa, nongak, adalembedwa pa mndandanda wa UNESCO wa miyambo ya anthu mu 2014. Kupalira kukatha, chapakati pa mwezi wa 7 wa kalendala yoyendera mwezi, kunkachitika phwando la homissisi, kutanthauza kutsuka homi.

Chida chabwinochi chili ndi mtengo wake pa thupi. Kugwira homi kumafuna kunyonyomala maola ambiri, ndipo m'minda youma ntchitoyi inkagwera kwambiri amayi. Mawondo ndi misana yopindika ya agogo a m'midzi ya ku Korea ndi mboni yake. Masiku ano alimi amamangirira kampando kozungulira kofewa m'ntchafu kuti azikhalira akamasuntha. Osula zitsulo, monga a ku Yeongju amene homi zawo zidatchuka kunja, amazisula kuchokera ku masipuling'i akale a galimoto, chitsulo chimene chimalimba bwino chikaotchedwa ndi kuviikidwa m'madzi. Chikaumitsidwa mopitirira muyezo msonga imathyoka, chikachepa imapindika.

Manyowa ndi madzi

Mgolo wogona cham'mbali, wokhala ndi kamwa pakati pa mimba, ndi janggun. Ena ankaumba ndi dothi, ena ankapanga ndi timatabwa tomangidwa ndi nsungwi. Ankanyamuliramo mkodzo ndi zonyansa za m'chimbudzi zimene zasiyidwa kuti ziwole, kupita nazo ku munda wa balere ndi wa ndiwo. Kamwa ili pamwamba ndipo ndi yaing'ono kuti zamadzimadzi zisakhavukire wonyamula, ndipo ankatseka ndi udzu. Zikathiridwa zosasungunula ndi madzi, kapena zisanawole, zimawotcha mbewu. Phulusa lochokera m'ng'anjo yotenthetsera pansi pa nyumba, ondol, nalonso silinkatayidwa. Linkanyamulidwa m'madengu a udzu. Njira imeneyi idasunga chonde m'minda yaing'ono kwa zaka mazana ambiri, koma idafalitsanso njoka za m'mimba, ndipo South Korea idachita kulimbana nazo ndi ndondomeko yaikulu yoyeza ana a sukulu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Pa madzi, funso lalikulu linali limodzi: akwere pati? Pamene madzi ali pafupi ndi munda, kusiyana kwake kongofika m'bondo kapena m'chiuno, ankagwiritsa ntchito yongdure. Chimenechi ndi chipika chosemedwa ngati bwato laling'ono lotseguka kutsogolo, chokhala ndi chogwirira kumbuyo, chopachikidwa ndi chingwe pa mitengo itatu yolumikizana pamwamba. Munthu amachikankhira m'madzi n'kuchiponyera kutsogolo ngati katungwe. Kulemera konse kuli pa chingwe, iye amangopereka liwiro. Chingwe chikatalika, mphuno imamira kwambiri n'kulemera. Chikafupika, chimangopala pamwamba pa madzi, kotero mlimi amachisintha madzi akamatsika.

Pamene madzi ali pansi kwambiri pankafunika matdure, chotungira chamatabwa cha zingwe zinayi. Anthu awiri amaima moyang'anizana, aliyense ndi zingwe ziwiri. Akawerama chotungira chimamira, akatsamira kumbuyo zingwe zimakungika ndipo chimakwera, kenako amakoka zingwe za kumbuyo kuti chikhuthule. Ankawerenga mitungo ndi nyimbo kuti adziwe nthawi yosinthana. Kumadera athyathyathya ndi m'minda ya mchere kunali mujawi, gudumu limene munthu amaliponda ngati akukwera makwerero osatha.

Kuchokera pa chikwakwa kukafika m'bokosi la mpunga

Chikwakwa, nat, n'chokhota ngati ㄱ, chilembo choyamba cha Hangul, zilembo za Chikoreya, ndipo Akoreya amanena za munthu wosaphunzira kuti sadziwa chilembocho ngakhale chikwakwa chili patsogolo pake. Mpunga wodulidwa ankaumenyetsa pa chipika, kapena kuukoka pa mano achitsulo oimirira ngati chipeso, otchedwa holtae. Balere ndi nyemba ankazipuntha ndi dorikkae, ndodo yaitali yokhala ndi timitengo tozungulira kumapeto kwake.

Punggu ndi bokosi lalikulu lamatabwa lopetera. Mbewu zimathiridwa pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono podzera pa kampata, pamene munthu akuzungulitsa chogwirira cha zikupizo zimene zili m'mimba yozungulira ya bokosilo. Njere zokhwima, pokhala zolemera, zimagwa pa khomo loyamba; zosakhwima bwino zimakankhidwira pa khomo lachiwiri; mankhusu amatulukira kumapeto. Luso lonse lili pa dzanja: mukafulumiza, mpunga wabwino umapita ndi mankhusu, mukachedwetsa, mankhusu amatsalira. Ubwino wake ndi wakuti mlimi sadikira mphepo. Zotsala zochepa zinkamalizidwa ndi lichero, ki, limene ku Korea ndi lotseguka kutsogolo ndipo lili ndi timapiko m'mbali. Lichero limeneli lili ndi mwambo wake: mwana wokodza pogona ankavekedwa ki kumutu n'kutumidwa kukapempha mchere kwa anansi.

Mphasa yoyanikapo, meongseok, inkalukidwa ndi udzu wa mpunga m'miyezi yozizira, pamodzi ndi zingwe, nsapato ndi madengu. Mpunga umafunika kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika pa 14 kapena 15 peresenti. Wosauma bwino umachita nkhungu. Woumitsidwa mofulumira pa dzuwa lamphamvu, osatembenuzidwa, umachita ming'alu m'kati ndipo umasweka popuntha.

Mtondo, jeolgu, suli wosiyana kwenikweni ndi wathu. Mphero ndiyo yosiyana: maetdol ndi miyala iwiri yozungulira yosanjikizana, wapamwamba uli ndi bowo lothirira ndi chogwirira chozungulitsira. Ankaperapo soya wonyikidwa m'madzi popanga dubu, chakudya choyera chofewa chimene ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti tofu. Panalinso didilbanga, munsi waukulu woponda ndi phazi, umene chithunzi chake chili kale pa khoma la manda akale a ku North Korea otchedwa Anak nambala 3, a chaka cha 357.

Mpunga wopuntha unkasungidwa mu dwiju, bokosi lamatabwa okhuthala la miyendo inayi, lotsegukira pamwamba, lokhala ndi loko. Miyendo imaliteteza ku chinyezi ndi makoswe. Silifanana ndi nkhokwe yathu chifukwa limakhala m'nyumba, ndipo kiyi wake ankasunga mayi wamkulu wa pakhomo. Kwa Mkoreya, bokosi limeneli limakumbutsa nkhani ziwiri. Mu 1762 Mfumu Yeongjo idalamula kuti mwana wake, Kalonga Sado, atsekeredwe mu dwiju, ndipo adamwalira patatha masiku 8. Ku Gurye, pa nyumba yakale ya Unjoru yomangidwa mu 1776, kuli chosungira mpunga cholembedwa kuti ngakhale mlendo akhoza kutsegula, chimene eni nyumba adaika pamalo obisika kuti wanjala atapeko popanda kuchita manyazi.

Jige, ngolo ya pamsana

Chida chimene chimalumikiza zonsezi ndi jige, chimango chooneka ngati chilembo A chija. Manyowa, mbande, mitolo ya mpunga, nkhuni, ngakhale pulawo yeniyeniyo, zonse zinkafika kumunda ndi kubwerako pa jige, chifukwa ngolo sinkatha kudutsa pa timakoma ta minda ya mpunga kapena kukwera tinjira ta m'phiri.

Kapangidwe kake kamayamba m'nkhalango. Wopanga amafuna mitengo iwiri, kawirikawiri ya paini, iliyonse yokhala ndi nthambi yotuluka pa ngodya yofanana ndi ya inzake. Mitengoyo imaimikidwa moyandikana pamwamba, motalikirana pansi, n'kulumikizidwa ndi timitengo topingasa, sejang. Nthambi ziwiri zija zimaloza kumbuyo ndipo ndizo zimanyamula katundu. Nthambi yomera yokha ndi yolimba kuposa yokhomerera, chifukwa mitsempha ya mtengo imapitirira osaduka. Pamene pamakhudza msana pamaikidwa chotsamira cholukidwa ndi udzu, deungtae, chimene chimagwira ntchito ya nkhata. Zingwe ziwiri za m'mapewa ndi milppi. Ponyamula zinthu zomwazika monga manyowa, amayalapo dengu lopindika la timitengo.

Gawo limene anthu amaliiwala ndi ndodo ya mphanda, jakdaegi. Popakira katundu, ndodoyo imachirikiza jige kuti iime yokha ngati miyendo itatu. Wonyamula amagwada bondo limodzi, kulowetsa mapewa m'zingwe, kuchotsa ndodo, n'kudzuka akutsamira pa ndodo yomweyo. Panjira imakhala mwendo wachitatu potsetsereka, ndipo akafuna kupuma amangoichirikizanso popanda kutsitsa katundu. Mwamuna wozolowera ankanyamula makilogalamu 50 mpaka 70.

Kupakira kuli ndi malamulo ake. Cholemera chiyenera kukhala pafupi ndi msana ndiponso chokwera, kuti munthu akawerama pang'ono kulemerako kugwere pamwamba pa mapazi ake. Chikakhala chakumbuyo kwambiri chimamukokera chagada, chikalemera mbali imodzi chimamupotoza pa sitepe iliyonse. Kutalika kwa miyendo ya jige kumatengeranso dera. Ya m'chigwa ili ndi miyendo yaitali, yosavuta kudzuka nayo ndi kupumira. Ya m'mapiri ili ndi miyendo yaifupi, chifukwa yaitali ingagunde pansi kumbuyo munthu akamatsika phiri n'kumugwetsa chafufumimba.

Pa nkhondo ya ku Korea, kuyambira 1950 mpaka 1953, amuna wamba ambiri adalembedwa m'gulu lothandiza asilikali la Korean Service Corps kuti azinyamula zipolopolo, chakudya ndi madzi pa jige kupita pamwamba pa mapiri pamene galimoto sizinkafika, ndipo pobwerera ankatsitsa ovulala ndi akufa. Asilikali a ku America ankawatchula ndi dzina lochokera ku maonekedwe a chilembo A aja.

Kumene zidazi zili lero

Wofuna kuona zida zenizeni angazipeze ku nyumba yosungiramo zinthu zakale zaulimi ya bungwe la alimi la Nonghyup ku Seoul, yotsegulidwa mu 1987, ndi ku ina ya boma ku Suwon, yotsegulidwa mu 2022. Ku National Museum of Korea kuli kachitsulo ka mkuwa ka zaka zoposa 2,000, kolochedwa chithunzi cha munthu akutipula mizere ndi ttabi, chida choponda ndi phazi chimene chidatsogolera pulawo. 

Si zida zonse zimene zidapuma. Garae, sseore, namtae ndi yongdure zimaoneka pa zionetsero ndi pa zikondwerero zokha, chifukwa ntchito zake zidatengedwa ndi thirakitala ndi pampu. Homi ndi chikwakwa zikadali pakhomo la mlimi aliyense, popeza palibe makina olowa pakati pa mapando a tsabola kapena a adyo mmene dzanja limalowera. Jige, imene tsopano ina imapangidwa ndi aluminiyamu, ikunyamulabe mitolo ya nsalu pa masitepe opapatiza a misika ya Dongdaemun ku Seoul, ndipo galimoto ya mafoloko awiri yonyamulira katundu m'mafakitale imatchedwa jigecha m'Chikoreya, kutanthauza galimoto ya jige.